Amukana Takondwa Chifukwa cha Msinkhu Wanga

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu mwadzuka bwino. Ife kuno ku Woolwich tili bwino, kupatula msana wangawu umene watopa ndi kunyamula odwala kuntchito.

Loweruka ndinaperekeza mwana wanu Takondwa ku masewera ake a hoke ya pa ayezi, aja omenya kampira ndi ndodo uku akutsetsereka pa madzi oundana. Kunabwera mkulu wina wa ku Canada, wofufuza anyamata oti matimu akuluakulu adzasankhepo chaka chamawa. Takondwa anagoletsa zigoli ziwiri, ine chimwemwe chodzaza tsaya.

Masewera atatha, mkuluyo anamuyeza msinkhu n'kumufinya ntchafu ngati mbuzi ya pamsika. Kenako anati, "Mayi, taimirirani ndikuoneni." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuuza mnzake ine ndikumva kuti, "Mayi ake ndi aafupi, ameneyu satalikanso. Fufuta dzinalo."

Ankayesa kuti ine ndiye mayi ake omubereka, achemwali. Zaka khumi mwana akulimbikira, ndiye amutaye chifukwa cha miyendo yanga? M'basi pobwerera, Takondwa anandiuza kuti ndisadandaule, koma wolira anali iyeyo.

Chonde mumuimbire foni, inu amakumverani. Akuti Lolemba abwerera pa ayezi, koma ine ndisadzapitenso kukamuonera.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Esinati