Makatuni Athu Akubweranso

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, ndipo mtima sukukhazikika.

Ndikudikira basi pa Jenda, mkulu woika mafilimu m'mafoni uja anandikodola. "Aphunzitsi, makatuni anu a chombo cham'mlengalenga aja akubweranso mwezi wamawa. Mukawauze amayi, akasangalala chomene."

Sanamve kuti mkazi wanga Esinati tinamuika m'manda mwezi watha. Ndinangomuthokoza kuti yewo.

Ine ndi Esinati tinapangana kuti wina asamaonere yekha. Iye ankaumirira kuti woyendetsa chombo uja sanafe, ine n'kumamutsutsa. Chifikireni kunyumba ndatsegula buku, ndalitseka, ndasesa posesa kale. Manyazi akundigwira chifukwa ndikufunitsitsa kudziwa mathero ake. Zikapezeka kuti analondola, ndikauza ndani?

Pangano lathu likadalipo, ndipo wondimasula palibe.