Mabingu a ku Kongo

Lachitatu, ku Mhuju. Mtima sunakhazikike tsiku lonse.

Bambo a Tiwonge atumiza uthenga wa mawu pa foni kuchokera ku Kongo, komwe ali ndi asilikali anzawo osungitsa mtendere. Akuti ali bwino, akudya, ndisamamvere za pa wailesi. Koma chakumapeto kukumveka kuphulika kawiri, kenako iwo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndi mabingu amenewo, amake Tiwonge." Akuyesa mabingu sindiwadziwa ine?

Nditaweruka kusukulu ndinapita kwa apongozi, mayi awo. Ndinawaikira uthengawo katatu, nthawi zonse ndikuudula kuphulikako kusanamveke. Anamwetulira n'kuthokoza kuti, "Yewo chomene." Pamene ndimanyamuka anandigwira dzanja.

"Amake Tiwonge, chala chanu chikumathamangira pamalo amodzimodzi. Mwanayo ndinabereka ndine. Zimene mukundibisirazo musamazimvere nokha. Mubwere nazo mawa, tidzamvere limodzi mpaka kumapeto."

Ndinangowafinya dzanja lawo lofundalo.

Tiwonge ndamuuza kuti ndi mabingu, ndipo wakhulupirira. Mawa foni ndidzawapatsa apongozi agwire okha, chifukwa chala changachi...