Kate Akachira Ine Kulibe

Sunnyside, Blantyre
20 Novembala 2022

Okondedwa achemwali a Felista,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Amayi shuga uja akuwavutabe? Nanga mwana wanga Kate, miyendo ija inasiya kutupa? Ine kuno ndadzukako, chifuwa changotsala cha m'mawa chokha.

M'tauni muno mafuta asowa, akuti mizere ya magalimoto ku Limbe ikuchita kukhota misewu iwiri. Izi ndimangomva kwa bambo a Kate, chifukwa ine ndatha masabata asanu ndi awiri osatuluka pageti. Iwo amabwera wapansi kuchokera ku Mbayani Lamlungu lililonse. Amaima kunja, ine m'kati, timacheza kudzera pakabowo ka loko. Aonda, achemwali. Sindikudziwa akudya chiyani.

Mukudziwa kuti abwana anga a Rasiklal akulandira mankhwala a khansa. Kumayambiriro kwa Okutobala anawapezanso ndi kolona. Patatha masiku anayi nanenso ndinagwa, ine amene ndinabayitsa katemera kawiri, n'kudwalanso matenda omwewa chaka chatha. Zinandikwiyitsa. Mwana wawo Heena, uja ndinkamubereka kumsana, pano ndi dokotala kunja. Ataimba foni ndinamufunsa ngati jakisoni uja anali madzi.

Anandifotokozera mofatsa. Akuti kachilomboka kali ndi mitundu yambiri, ndipo zimachitika kuti mitundu iwiri yalowa mwa munthu mmodzi nthawi imodzi. Ikamaswana m'thupimo, kobadwako kamatha kutenga mbali ina kwa uyu, mbali ina kwa uyo, n'kutuluka kachilendo. Chitetezo cha m'thupi chimakumbukira maonekedwe a kakale kaja, ndiye kachilendoka kamalowerera kasanadziwike bwino. Akuti kumayiko ena mtundu wotero wafala kale. Koma anandiuza ndisanyoze katemera, ndi amene wachititsa kuti ndigone masiku asanu okha m'malo mokapumira m'machubu kuchipatala.

Chimene chinandiopsa ndi chakuti mwa munthu wofooka ngati bambo akewo kachilomboka kamakhalitsa, ndiye kamapeza nthawi yosinthira. Awayeza kanayi, kanayi konse kakupezekabe. Palibe wanena kuti mwa iwo muli kachilendo. Sitikudziwa basi, ndipo kusadziwako ndiye kukundidya.

Tsiku limenelo foni inali pa sipika, ine ndimayesa mkuluyo ali mtulo. Nditawabweretsera phala anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Winnie," anatero m'Chinyanja chawo chija, "ine ndasanduka fakitale ya ku Makata. Katundu wanga usakampatse mdzukulu wako."

Anaseka, kusekako kunathera m'chifuwa mpaka misozi. Phalalo sanadye.

Musaganize kuti anditsekera. Mwana wawo wamwamuna, Aman, anandiuza kuti ndikhoza kupita, poti ine atandiyezanso anapeza kuti kanatha. Koma iyeyo amangofika pawindo, mkazi wake ali ndi mphumu. Anapeza mayi wina woti andilandire, mayiyo anagwira tsiku limodzi osabweranso. Ndiye awatembenuze ndani, awasambitse ndani? Pakhomo pano ndakhalapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Akazi awo ankatsirizika nditawagwira dzanja ndine.

Komanso ndimakhala m'chipinda mwawomo tsiku lonse. Lero ndilibe, za mawa sindikudziwa. Ndingalowe bwanji m'nyumba mwa amayi ndi shuga wawoyo? Ndinganyamule bwanji khanda la tsiku limodzi?

Lachitatu ndinalongedza chikwama. Ndinafika nacho pageti, dzanja lili pa loko. Mvula yoyamba inali itangokata, dothi likununkhira ngati kwathu ku Muloza. Kenako belu la abwana linalira m'nyumba, ndinabwerera. Chikwamacho sindinamasule, chili kuseri kwa chitseko.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku la Kate likafika, mayi wake mukhale inuyo. Mupite naye kuchipatala msanga, musadikire kuti zifike povuta. Ndi mimba yoyamba, ndipo mwanayu ndi wamantha ngakhale amayankhula ngati wolimba. Akayamba kukulalatirani musamuyankhe, inenso ndinalalatira amayi pobadwa iyeyo. Zitenje zinayi, beseni ndi tizovala bambo ake apatsira a Kingstone, kondakitala uja wa basi ya kwathu. Anakagula okha kumsika, ine sindinazikhudze.

Musamamunamize kuti ndikubwera mawa. Mumuuze monga ndalemberamu. Akandikwiyira, musiyeni akwiye, sakulakwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze apitirize kumwa mankhwala ngakhale akumva bwino. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, kwa apongozi a Kate, ndi kwa amayi anzanga a kwaya.

Mwana akabadwa musadikire kumusambitsa. Mundiimbire pomwepo akulirabe, ndimumve.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Winnie