Akazi Sauluka

17 Seputembala

Okondedwa Achimwene,

Ndiyamba ndi kuyamika Mulungu amene watisunga mpaka lero. Ine ndili bwino, kungoti msana wayamba kudandaula ndi mpando wa pamakina. Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi atsikana anu awiri muli bwino kumeneko. Mudabwa kuti ndalemba papepala pamene foni ilipo. Pafoni mumandidula mawu ndi nthabwala, ine n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala simungalidule mawu.

Ndili ndi zoti ndiulule, ndipo ndapemphera kuti ndisabise kanthu.

Chaka ndi theka ndakhala ndikukuuzani kuti ndimasoka makatani. Linali bodza. Ndimasoka zovala za anthu ochita mafilimu. Ndinabisa poopa kuti munganene kuti mlongo wanu woimba kwaya walowerera m'zadziko. Kachipinda kanga kali kumapeto kwa khonde, muli makina atatu, ayironi yolavula dzimbiri ndi chidole chopanda mutu choyeserapo zovala. Filimu imene tangomaliza ndi ya Namzeze. Eya, Namzeze wanu uja wouluka, wa m'mabuku azithunzi amene munkabisa pansi pa matiresi. Chovala chake chonse, kuyambira kolala mpaka chinsalu chakumsana chija, chatuluka m'manja mwangamu.

Mukudziwa kuti m'mabukumo Namzeze anali mwamuna, ndipo m'filimuyi ndi mkazi. Mtsikana amene akusewera mbaliyo kuntchito timangomutchula kuti Namzeze. Womuveka ndi kumuvula ndine, choncho ndimaona zimene kanema saonetsa. Amamumanga malamba m'chiuno n'kumukoka ndi mawaya mpaka kudenga, tsiku lina kokwana makumi atatu. Pomuvula, m'chiuno monse mikwingwirima yokhayokha, mpaka ndinasokerera siponji m'kati mwa chovalacho. Misozi yake sindinaionepo.

Tsiku limene anatulutsa kachidutswa kotsatsira filimuyi pa intaneti, ndemanga zinagwa ngati matalala. Awa akuti wanenepa, awo akuti wawonda, enanso akuti bwanji sakumwetulira. Anyamata akuti chovala chaphimba kwambiri, amayi a kutchalitchi kwathu akuti chathina. Pawailesi abambo atatu anatha ola lathunthu akutsutsana ngati mkazi angathe kunyamula basi, ngati kuti alipo mwamuna amene anainyamulapo. Bwana wina anafika kwa ine atanyamula sizasi, amvekere, "Atelala, tidule pang'ono m'miyendomu kuti anyamata akhale chete." Ndinamulanda sizasiyo n'kuitsekera m'dirowa. Sindinadule.

Patapita masiku mtsikanayo anandipatsa foni yake. "Atelala, ndisungireni njoka iyi. Muziwerenga ndinu. Zoopseza muzijambula, mupereke kwa loya wa kampani. Zotukwana chabe zisiyeni ziwolere momwemo." Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndikatha kupemphera ndimawerenga zonyansa za anthu, kenako n'kukasamba m'manja ngati ndagwira chimbudzi.

Lachitatu lapitali ndinapeza iyi: "Akazi sauluka. Abwerere kukhitchini ameneyo. Ndipo amene anasoka chisanza chakumsanacho timudule zala." Wolemba wake, Ndegeyagwa.

Achimwene, dziko lonse lapansili a Ndegeyagwa alipo angati?

Mwina mwaiwala pamene linachokera dzinali. Inu munali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ine zisanu ndi zitatu. Munaba nsalu ya patebulo ya amayi, ya maluwa achikasu ija ankayala kukabwera alendo, n'kundiuza kuti ndisokerere zingwe zomangira pakhosi. Ndinasoka, singano n'kundibaya kawiri. Titafika kuseri ndinakupemphani kuti nanenso ndiyeseko. Munandiyankha osandiyang'ana n'komwe: "Akazi sauluka. Iwe gwira makwerero."

Apa pali tchimo limene ndalisenza zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Muli padenga la bafa, munandifunsa kuti, "Kodi indinyamuladi?" Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti nsalu sinyamula munthu. Koma mtima unali utafufuma, ndipo ndinati, "Ikunyamulani, lumphani." Munalumpha, mkono n'kuthyoka. Amayi anathamanga ndi thovu la sopo m'manja, ataona kuti mukupuma anayamba kuseka uku akulira, amvekere, "Ndege yagwa!" Dzina n'kumera pomwepo. Nyengo yozizira iliyonse mukamadandaula za chigongono, ine ndimapita kuchipinda kukagwada. Ndikhululukireni.

Tsono Lachitatu lija ndinachimwanso chifukwa cha inu. Za kudula zala ndi zoopseza, zinayenera kupita kwa loya. Ine ndinafufuta. Namzeze anali atakhala poteropo akumwa tiyi, ndipo anandifunsa, "Mwafufuta chiyani, atelala? Nkhope yagwatu." Ndinati ndi otsatsa mafuta a tsitsi. Lamulungu ndinaima pakwaya pakamwa pali pululu koma mawu osatuluka, ndipo mgonero ndinaulambalala.

Lolemba ndinamuuza zonse, ndili chogwada ndikupinda mpendero wa chinsalu chija, mapini ali kukamwa. Ndinkayembekeza kuti andilanda foniyo, mwinanso ntchito. Koma iye anangofunsa:

"Anagwa kuchokera pati alongo anuwo?"

"Padenga la bafa."

"Mamita angati?"

"Awiri, mwina."

Anaseka mpaka ndinaopa kuti misoko yanga iphulika. "Ine khumi ndi awiri, tsiku ndi tsiku! Muwauze kuti sananame kwenikweni. Akazi sauluka, amuna sauluka, tonse timangopachikidwa pamawaya. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndikagwa ndimakweranso." Atapukuta misozi yachiseko anagwira dzanja langa n'kuliyang'ana. "Za kukhitchinizo ndazolowera. Koma zala si zanga, atelala, ndi zanu. Chochita muchidziwa nokha."

Ndicho chifukwa cha kalatayi.

Ndikudziwa chimene munganene, kuti zinali zocheza, kuti simunadziwe kuti ndine. Ndikukhulupirira kuti simunadziwe. Nanga akanakhala mlongo wa wina, zala zake zikanakhala zoyenera kudula? Zala zimenezi ndi zomwe zinasoka suti yanu yaukwati pamene telala uja anakukhumudwitsani kutatsala masiku anayi. Ndi zomwe zinasoka diresi limene tinawaveka amayi powagoneka. Inu amene mumatsogolera mapemphero m'nyumba mwanu, mumagwirana manja ndi ana anu podalitsa chakudya, munakhala pansi n'kulemba zimenezo ndi dzina limene amayi anakupatsani akuseka. Chimene chandiwawa kwambiri n'chimenecho.

Mundimvetse bwino. Bodza la makatani ndalapa, bodza la padenga ndalapa, kufufuta kuja ndalapa. Ntchito yokha sindikulapa. Ndinasoka bwino, ndipo akadzapanga filimu yachiwiri ndidzasokanso, osadula ngakhale kachala kamodzi ka nsalu pofuna kusangalatsa aliyense. Ndimaopa, inde. Ndikamatsika basi ndimacheuka, ndipo masiku ano manja ndimayenda nditawapisa m'thumba. Koma kuopa si kusiya.

Pali chinanso chimene akudziwa ndi Namzeze yekha. Nsalu ya patebulo ija amayi sanaitaye. Ndinaipeza m'sutikesi mwawo, itang'ambika pakona pamene inakodwa ndi lata. Ndinadulako kachidutswa ka duwa limodzi n'kukasokerera m'kati mwa chinsalu cha Namzeze, pafupi ndi khosi, posaoneka. M'chisanza chimene munanenacho, achimwene, muli nsalu ya amayi anu. Inu inakukanikani, koma yafika kudenga.

Pempho langa ndi limodzi. Bwererani pamene munalemba paja, mulembe kuti munalakwa, ndi dzina lomwelo la Ndegeyagwa, poyera pomwe munanyozera. Musandiimbire foni kuti tithetse ndi nthabwala. Foni ya Namzeze ikadali kwa ine, ndidzaona ndekha m'mawa wina ndikatha kupemphera. Mukadzalembanso zoopseza, sindidzafufuta. Ndidzajambula n'kupereka kwa loya, ndikulira.

M'envelopumu mupeza matikiti anayi a tsiku loyamba kuonetsa filimuyi, mwezi wamawa pa 20. Mpando wanu wagundana ndi wanga. Mukalemba, bwerani mudzakhalepo, ndidzakulozerani pamene pali duwa lija. Mukakana, khomo langa silidzatsekedwa poti ndinu magazi anga, koma mpandowo ndidzaikapo chikwama, ndipo alamu ndi ana abwere okha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chigongono chanu azichithowa ndi madzi ofunda, poti mlandu wake wapezeka mwini. Atsikana anga awiriwo muwapsompsone. Muwayeze kuchokera pakhosi mpaka m'mawondo, munditumizire miyeso, ndayamba kale kuwafunira nsalu. Ndidzawauza zoona kuti nsalu sinyamula munthu. Koma akadzafuna kukwera, makwerero mudzawagwirire ndinu.

Ambuye akusungeni, achimwene anga.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
amene zala zake zonse khumi zikadalipo