Mlandu wa Chipatala cha Pachilumba

Lolemba, 9 Okutobala
Brussels, mvula tsiku lonse. Msonkhano wa maiko ogwiritsa ntchito ndalama ya yuro wayamba. Tikukonza malamulo a momwe dziko lomira m'ngongole lizithandizidwira. Ife a ku Greece tabwera ndi mfundo imodzi: obwereketsa asamatikakamize kutseka zipatala. Abwana Kalogeras andikhazika kumbuyo kwawo. Ati, "Froso, iwe uzingondipatsira mapepala."

Lachiwiri, 10 Okutobala
Achimwene Stathis aimba foni kuchokera kuchilumba chakwathu. Dokotala kumeneko ndi iwo okha, ndipo chipatala chawo chili m'gulu la zotsekedwa. Ayamba kale kulongedza katundu m'makatoni. "Mlongo, kumeneko mukungodya chokoleti eti?" Ndaseka, koma mtima ukuwawa.

Lachitatu, 11 Okutobala
A Terpstra a ku Netherlands atinyoza. "Lero zipatala, mawa mudzati mabwalo a mpira." Ena kuseka.

Masana ndamutsatira Idalina wa ku Portugal kokamwa khofi. Kwawonso anatseka zipatala za amayi oyembekezera.
"Nanga unakhaliranji chete?" ndamufunsa.
"Ndimadikira wina ayambe."
Wa ku Ireland yankho lomwelo. Wa ku Cyprus chimodzimodzi. Anthu inu!

Lachinayi, 12 Okutobala
Abwana adzuka mawu atatsekeka, chimfine. Nthawi yathu itakwana angondigunda ndi chigongono: "Lankhula, koma usatichititse manyazi."

Ndaimirira. Mapepala ndawasiya. Ndawauza za nyengo yozizira kwathu, mphepo ikakula sitima zapamadzi zosayenda sabata yathunthu. Kenaka ndawayang'ana a Terpstra m'maso: "Bambo, munthu wadwala mtima pachilumba. Adikire nyanja ichite bata?"

Kenaka Idalina dzanja m'mwamba. Ireland. Cyprus. Spain. Mpaka Italy, amene sindinalankhule naye n'komwe!

A T. avula magalasi, apukuta, apukutanso. "Mulembemo kuti ndalama za zipatalazo ziziunikidwa chaka ndi chaka. Mukatero sinditsutsa." Talemba pomwepo.

Mfundo yathu YADUTSA!! Potuluka abwana andigwira dzanja osalisiya, akufuna kunena kanthu koma mawu osatuluka.

Lachisanu, 13 Okutobala
Mutu ukuwawa. Vinyo wa Idalina.

Lolemba, 16 Okutobala
Nduna za maiko athu zavomereza mfundo ija. Ndaimbira kuchilumba ndili pabwalo la ndege. Wayankha namwino, mayi Evdokia. Ndawauza. Foni yagwa pansi, ndangomva akuthamanga m'khonde akukuwa, "Adokotala! Siyani kumanga makatoniwo! Masulani!"