Ama Asanasambe

Lolemba, 2 Juni 2025

Foni ndalandira. Ya sukulu, yosweka pakona, koma kamera yake ilibe vuto. Ndikhala nayo sabata imodzi, kenako ipite kwa Joel wa Fomu 4.

Mpikisano wa zithunzi, masekondale a kumpoto kuno. Mutu wake: anthu akwathu ali pantchito. Zithunzi zopambana akazipachika ku Mzuzu, aziikanso pa Fesibuku. Woyamba alandira kamera yeniyeni. Kamerayo ndikuifuna.

Lamulo ndi limodzi, aphunzitsi athu a Jere alibwereza ngati nyimbo: "Munthu asapoze. Mumugwire mmene alili."

A Jere kwawo ndi ku Mzimba. Atongafe ndi kutchena kwathu sakutidziwa.

Ndijambula Ama, mayi anga, akuvuula chinangwa kudziwe. Ndaganiza kale. Palibe munthu amene ntchito imamukhala ngati Ama ali m'madzi ofika m'mawondo.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndalakwitsa. Ama ndawauza.

Poweruka ndathamangira kudziwe. Chinangwa chili m'madzi, mwini wake kulibe. Ndadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako ndikuona munthu akubwera pang'onopang'ono, wosamba, wodzola, yunifomu ya Umanyano ya kutchalitchi, bulauzi yoyera mbee, nsapato za Lamlungu. Ama.

Aima patali ndi matope. Chinangwa chimodzi m'manja, achigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Jambula msanga, Edith, chikununkha."

Ngati fungolo alidziwa lero. Chibadwire changa ndimalimva pa iwo.

Ndajambula. M'zithunzi zonse pakamwa atseka, maso atong'ola. Akuoneka ngati akudikira galimoto yopita kumaliro.

Lachitatu, 4 Juni

Ndinati Ama akandikanika ndikajambule asodzi akukoka khoka. Koma nkhani inandipitirira kale kugombe.

Asibweni a Golden, mchimwene wa Ama, ndawapeza atavala suti ya paukwati wawo. Tayi wofiira. Thalauza apinda mpaka m'mawondo. Kumbuyo kwawo mzere wonse wa amuna pachingwe, aliyense m'jekete. Wina magalasi akuda. Wina wabwera ndi chikwama cha muofesi, wachipana m'khwapa uku akukoka.

Ndikangokweza foni, onse kusiya chingwe, manja m'matumba, chibwano m'mwamba. Khoka kubwerera m'madzi. Ndikatsitsa, kulikumbukira. Zachitika choncho mpaka nsomba zazindikira, zapita.

Tsopano akuti ndawathawitsira ndiwo ndine.

Ana nawo zala ziwiri m'mwamba kulikonse ndalozako. Amene sanapoze pagombe lonse ndi galu. Koma galuyo sagwira ntchito.

Lachinayi, 5 Juni

Mwera. Kuzizira. Asibweni apita kunyanja ndi suti yomwe ija, akuti mwina ndidzera komweko.

Ndawachonderera Ama tikusinja. Ndati kamodzi kokha, ndi zovala zantchito. Asiya musi.

"Ukufuna Ada wako akandione pa Fesibuku ndili m'matope? Ku Joni kuli akazi a zikhadabo zazitali."

Basi, ayambanso kusinja.

Ndinali wopusa kusaganiza. Ada, bambo anga, ali ku Joni kuyambira ndili Sitandade 4. Ife foni yathu ndi yamabatani, ndiye zithunzi zawo zimafikira pa foni ya a Faida, neba wathu wogulitsa usipa. Nthawi zonse Ada atatsamira galimoto yoyera, chipewa pamutu, dzanja padenga pake. Ama nawo sagonja. Amakwera minibasi mpaka ku Kande, kukaima pageti la loji ina, chikwama cha a Faida paphewa, a Faida n'kuwajambula. Ndalama za Ada zimabwera mwa apo ndi apo. Zithunzi sizijomba.

Anthu awiri, zaka zonsezi, kuuzana kuti zinthu zikuyenda. Ine kudya kondowole wa chigwada pakati pawo.

Zandimvetsa chisoni. Zandipsetsanso mtima. Kamera ndikuifunabe.

Loweruka, 7 Juni

Ndachipeza.

Dzulo ndinalengeza kuti foni yatha moto ndipo chaja ali nacho a Jere. Mudzi wonse unapuma. Majekete anabwerera pamisomali, kupatula la Asibweni. Iwo akuti sandikhulupirira.

Mmawa Ama kudziwe, ine pambuyo, foni m'kati mwa juzi. Shati yakale ya Ada yong'ambika paphewa, chitenje chokwezera m'mwamba, mikono yoyera ndi chinangwa. Asenza beseni lodzaza. Mbuzi ya a Faida yatulukira, yaluma chinangwa chimene chinagwa, kenako yaona kuti chitenje n'chokoma kuposa. Ama dzanja limodzi pabeseni, lina pachitenje, mwendo kukankha mbuzi. Ndipo aseka. Kuseka kwenikweni, madzi a m'beseni akutsikira kumaso, dzuwa kumbuyo kwawo.

Ndadina kamodzi.

Ndakachionera kuseri kwa khitchini. Ama ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Ndimauona tsiku lililonse, koma pa chithunzi sindinauonepo, chifukwa pa chithunzi satsegula pakamwa. Ndalira osadziwa chondiliza.

Ichi chiwina. Sindikudzitama, ndikudziwa.

Lamlungu, 8 Juni

Ama ndawaonetsa chithunzicho tikuchokera kutchalitchi. Ndinati mwina ulaliki wawafewetsa.

Achiyang'ana nthawi yaitali. Achikuza ndi zala mpaka patsala mano okha, achibweza.

"Fufuta. Ukatumiza ku Mzuzu, wandivula pamsika."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Ndingathe kupereka mawa osawauza. Angadziwe bwanji? Angadziwe. Fesibuku ya a Faida sigona, ndipo Ada amaona chilichonse chotchula kwathu kuno ku Chintheche.

Kufufuta kwandikanika. Ndachiponya pa foni ya a Faida, ndawalumbiritsa kuti asaonetse munthu. Pa ya sukulu chikadalipo. Ndigona nacho.

Lolemba, 9 Juni

Ndaima patsogolo pa a Jere chala chili pa chithunzi cha Ama. Anzanga pamzere kumbuyo akung'ung'udza. Ndaona mpata wa mano uja. Ndafufuta.

Ndapereka cha Asibweni, chimene ndinawaba Lachisanu asakuona. Suti, tayi paphewa chifukwa cha mphepo, akupalasa bwato.

A Jere: "Uyu wapoza."

Ndati ayi, sala, sanapoze. Sutiyo sanaivule chiyambire Lachitatu. Amawedza nayo, amasoka nayo ukonde, dzulo anakwera nayo padenga kukakonza udzu. Ndi chovala chantchito tsopano.

Andiyang'ana ngati ndikuwaseleula. Alandira chifukwa china ndilibe.

Kamera yapita. Madzulo Ama andigawira nsomba yaikulu, mutu womwe. Ndadya yonse.

Lachisanu, 13 Juni

Asibweni amva kuti foni ili ndi Joel. Suti ikupitiriza. Yafupika manja, yatuwa ndi dzuwa, ikununkha usipa mpaka amphaka akuwalondola. Akazi awo abwera kudzandidandaulira, akuti ndikawauze kuti mpikisano unatha. Ndawauza. Akuti oweruza angabwere kudzaona okha.

A Faida pakamwa pawo ndi dengu lobooka. Chithunzi cha Ama aonetsa azimayi onse a pathandala pawo poyanikira usipa. Akuti onse anati Ama ndi okongola, mmodzi yekha anafunsa za mbuzi.

Ndinayembekeza moto kunyumba. Zii.

Koma Ama ayamba kupita kwa a Faida kukapempha mchere. Mmawa, masana. Amabwerako opanda mchere. Mchere tili nawo.

Lolemba, 16 Juni

A Jere akuti chithunzi changa chagwa poyambirira pomwe. Oweruza anati ndi sewero. Cha Joel chadutsa: chigayo, palibe munthu, ufa wokhawokha. Wochenjera.

Si nkhani yaikulu lero.

A Faida andikodola ndikudutsa. Akuti Ama anawauza dzulo kuti atumize chithunzi chija ku Joni. Chomwe chija, cha mbuzi. Okha, popanda wowakakamiza. A Faida anafunsa kawiri ngati akutsimikiza. Anafunsanso kuti alembe chiyani pansi pake.

"Mulembe kuti ndine, mwina sandizindikira."

Ada achiona, zizindikiro zabuluu zikuonetsa. Yankho palibe.

Ndiye kamera yanga inafera chiyani? Ndinafuna kufunsa. Ama ndawapeza akusesa pabwalo posesa kale, ndangolowa m'nyumba.

Lachitatu, 18 Juni

Palibe.

Ama sakupitanso kukapempha mchere. Nkhope yagwa. Bulauzi ya Umanyano aisita kawiri, msonkhano kulibe.

Ndikuopa. Ngati Ada asiyiratu kutumiza ngakhale zithunzi za galimoto, wayambitsa ndine. Ndani anandituma kudina?

Lachisanu, 20 Juni

Yankho labwera.

A Faida abwera nalo akuthamanga, mpango uli m'manja. Ama apukuta manja pachitenje asanagwire foni. Ine kusuzumira paphewa pawo.

Galimoto yoyera yomwe ija. Koma Ada sanaitsamire. Agwada patayala, ovolosi yabuluu, majombo, ndowa ya thovu pambali, kansanza m'manja. Chipewa palibe. Imvi mutu wonse. Sindinkadziwa kuti Ada ali ndi imvi. Akuseka, maso atsinzina pang'ono monga ndimachitira ine.

Pansi alemba mzere umodzi: "Shati yangayo ikadalipo?"

Ama akhala pansi pamtondo. Achikuza, achibweza, achikuzanso. Ndimati alira, kapena atukwana za galimoto ya eni ake imene takhala tikuionetsa alendo zaka zonsezi.

"Awonda," basi.

Patapita nthawi andifunsa ngati mpikisano uja unatseka. Ndati unatseka kalekale.

"Zachisoni. Akanawina Ada wako. Taona, sanapoze."

A Faida aseka mpaka kutsamira khoma. Ine ndalephera kusankha, ndachita zonse ziwiri, kuseka ndi kulira.

Kamera ndikuifunabe. Ndilembe zimenezo, ndisadzanamizire kuti ndinali mngelo.

Asibweni angodutsa kumene pamsewu, tayi ali m'khosi.

Ndisiye kaye. Mwana wa a Faida wabwera ndi foni, akuti Ama akundiitana kudziwe. Ada afunsa ngati mtengo wa mango uja ukadalipo, ndipo Ama akufuna ayankhe ataima pansi pake ndi beseni. Akuti ndifulumire, Ama sanasambe.