Manja a amayi pa paketi ya tiyi

Lachitatu madzulo. Chiperoni tsiku lonse, mtima nawo sukukhazikika.

Chithunzi cha pa paketi ya tiyi chija ndachijambula kanayi tsopano. Bwana wa ku Limbe amene wandipatsa ntchitoyi akufuna mayi wothyola tiyi womwetulira, wa manja osalala. Ndinamaliza masana pa tabuleti, ndikudziona ngati katswiri.

Amayi ataweruka ku esiteti ndinawaonetsa, asanavule n'komwe pepala lapulasitiki la m'chiuno. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu kusikelo akam'bweza," anatero. "Wagwira masamba okhwima. Ife timathyola awiri ndi kansonga. Ndiye ndi dzanja limodzi, dengu lidzadza liti?"

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinawayankha kuti ndi chithunzi chabe. Koma zoona zake n'zakuti dzanjalo ndinaonera pa intaneti. Ine wobadwira m'nyumba za kampani, wophunzira sukulu ndi tiyi yemweyu, sindinayang'anitsitsepo manja a mayi anga.

Ndinawapempha kuti awatambasule patebulo. Zala zinada ndi madzi a masamba, chala chachikulu n'chong'aluka, chikhadabo chimodzi chinatha kalekale. Anachita manyazi, nafuna kuwabisa m'chitenje.

"Iwe Dalitso, anthu akaona zimenezi tiyiyo amwa?"

Ndawajambula momwe alili, ndipo chiyambireni sindinajambulepo chinthu chabwino chotere. Bwana uja akudikira mawa m'mawa, akachikana ndiye kuti ntchito yapita. Zithunzi zonse ziwiri zili m'foni. Katatu konse ndatsegula cha manja osalala kuti nditumize, koma chala changa chikukana…